Ndinasoka Fodya ndi Ulusi wa Thumba la Makuponi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili pamzere kuchigayo cha ku Santhe. Ndinali ndi kandowa kanga ka chimanga chosakonola, poti ife tinali titasiya kale kudya ufa woyera, ndipo mayi wina amene tinkapemphera naye anandikoka chitenje. Anati kuesiteti ina kuseri kwa dambo kuli tenanti wa ku Phalombe amene akufuna munthu womusokera fodya, chifukwa mkazi wake watupa miyendo. Sindinafunse n'komwe za malipiro. Mwamuna wanga anali atamwalira chaka chapitacho, n'kundisiyira ana awiri ndi mbuzi imodzi yosabereka. M'mawa mwake ana ndinawasiya kwa amayi anga, ine ulendo.

Ndiyambe ndanena za khalidwe langa, chifukwa ndi limene linandipalamulitsa. Ine kusinira ndinkakudziwa, ndipo ndinkanyada nako. Ndodo ya machesi ndinkaing'amba pakati ndi lezala kuti iyatse kawiri, ndipo masiku ambiri sindinkayatsa n'komwe, ndinkangopala moto kwa anzanga. Sopo ndinkamudula ndi ulusi tizidutswatizidutswa, n'kumuumika padzuwa kuti asasungunuke msanga. Mapoto ndinkatsuka ndi phulusa, therere ndinkaphika ndi chidulo, tiyi tinkamwa wa mandimu wopanda shuga. Akuchimuna ankandinena kuti ndine woumira, kuti pakhomo panga ngakhale khoswe amachoka ataonda. Ndinkangoseka. Ana anga sanagonepo ndi njala masiku awiri otsatizana, ndiye akanandiuza chiyani?

Zinali zaka za makuponi. Chaka chimenecho kuponi imodzi tinagawana mabanja atatu, ndipo feteleza uja tinachita kumuyeza ndi mbale pabwalo. Anzanga atatenga zawo, ine ndinapempha thumba lopanda kanthulo. Anandiseka, koma thumba la feteleza kwa ine linali chuma. Lina linali chitseko cha bafa, lina ndinasokera mwana wanga wamkulu chikwama cha kusukulu. Ukalisasula umapeza ulusi woyera wa pulasitiki, wautali bwino, ndipo umenewo ndinkasokera patapata akaduka, kumangira ndiwo, ngakhale kupota chingwe cha mbuzi. Sindinkamvetsa kuti munthu wanzeru zake angagule bwanji chingwe kusitolo.

Tenanti uja anali bambo Makwinja, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa imvi za m'mbali. Iwo ndi mayi Makwinja anali atalima fodya wa bale paesitetipo zaka zisanu ndi ziwiri osapondako kwawo. Ana awo anali aakulu, onse ku Phalombe. Anandilonjeza chakudya cha masana ndi malipiro fodya akagulitsidwa. Ndinavomera.

Amene anandiphunzitsa ntchito ndi mayi Makwinja, ali chikhalire pamphasa, miyendo atatambasula. Singano yosokera fodya inali sipoko ya njinga, yosulidwa mbali imodzi n'kuboola kabowo mbali inayo. Umalowetsamo thwaini, chingwe chofiirira chija cha ulusi wa chiguduli, ndipo umabaya tsamba lililonse patsinde, pamsempha wake waukulu, osati pofewa. Masamba akakwana umamanga mfundo n'kukoleka pamkangala, ndodo yoyanikira ija, kenaka mikangalayo umaisanja m'chigafa, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi, motalikirana kuti mphepo izidutsa. Ukathinitsa, fodya amaola. Manja amada ndi phula lomata, ndipo masiku oyambirira ndinkachita nseru ndi fungo mpaka kulephera kudya.

“Musabaye ngati mukupha njoka, amake Tadala,” ankatero mayi aja akundiseka. “Tsamba limeneli ndi tikiti yanga ya basi.”

Sankanena zocheza. Kuchipatala anali atawauza kuti mtima wawo watopa, ndipo iwo ankadziwa tanthauzo lake. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: akafike kwawo ali moyo, akaone ana awo ndi phiri la kwawo, ndipo akamwalira akagone pafupi ndi mayi awo. Ankandisimbira za kalongonda, nyemba zija amaziphika tsiku lathunthu, n'kumati ife Achewa sitidziwa kudya. Mwini esiteti samasula tenanti fodya asanathe, koma anali atavomera kuti mabelo a bambo Makwinja akangogulidwa ku okushoni, awalipira iwo poyamba kuti anyamuke. Choncho tonse atatu tinkagwira ntchito tikuyang'ana tsiku limenelo.

Mu February, fodya atafika pothyola masamba apakati, amene ndi aakulu ndiponso a ndalama, mayi aja anabanika ndipo anawagoneka kuchipatala ku Kasungu. Analibe mbale wina wowadikirira, ndiye bambo Makwinja anapita okha. Matenanti anzawo anagwirizana kuti aziwathyolera mosinthana, koma kusoka konse kunatsalira ine. Ponyamuka bambo aja anamasula mfundo ya kampango n'kundipatsa ndalama.

“Thwaini watsala pang'ono. Mukagule ku Santhe tsiku la msika.”

Ndinapita, ndipo ndinafika mpaka pakhomo pa sitolo. Nditamva mtengo wa mpukutu umodzi wa thwaini, mutu unandizungulira. Ndalama yonseyi kugulira chingwe? Chingwe choti tikamasula fodya tichitaya? Ndinakumbukira kuti mayi Makwinja ankamwa phala lopanda shuga akuchita kukwinya nkhope, ndipo kunyumba ndinali ndi matumba atatu, langa lija ndi awiri amene ndinapempha kwa achibale. Ndinatuluka m'sitolomo. Ndinagula shuga, mkaka wa ufa ndi masamba a tiyi, ndipo ndinabwerera ndikudziona wochenjera kuposa Santhe yense.

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Akapitao a paesitetipo ankadutsa m'zigafa akukuwa kuti safuna kuona jumbo, nthenga ya nkhuku, ngakhale ulusi wa thumba pafupi ndi fodya, chifukwa ogula akaupeza amabweza belo lonse. Ndinamva ndi makutu angawa. Koma ndinkati iwo akunena anthu osasamala. Ine ulusi wanga ndidzausolola wonse wathunthu pomasula, sipadzatsala kanthu, ndiponso ndidzausunga kuti udzagwire ntchito ina. Sindinafunse munthu, poti ndinkadziwa kuti aliyense andiletsa. Paja amati safunsa anadya phula.

Kwa milungu itatu ndinasoka ndi ulusi woyera uja. Ndinkakhala kuseri kwa chigafa, ndipo mikangala yake ndinkaikweza pamwamba m'kati, kunja n'kutchinga ndi ya thwaini wotsala uja. Ntchito inkayenda bwino zedi. Ulusiwo unkaterera mosavuta pamsempha, ndipo ndinkaimba ndikusoka.

Atabwerako kuchipatala ndinawaphikira mayi Makwinja tiyi wa mkaka, shuga masipuni atatu. Anagwira kapu ndi manja awiri, n'kumwa pang'onopang'ono maso atatsinzina. “Eee, lero ndamwa tiyi wa kwa abwana,” anatero. Bambo aja atafunsa kumene ndalama ya shuga yachokera, ndinati thwaini ndinanenerera ndipo inatsalako. Anandiyang'ana pang'ono, koma mutu wawo unali pa wodwala, sanafunsenso. Shuga ameneyo mayi aja anamwa mwezi wathunthu, ndipo tsiku lililonse mtima wanga unkakhala m'malo.

Fodya wouma amamasulidwa m'mawa, akadali wofewa ndi chinyezi, apo ayi amaphwanyika. Mu April, nditafika pamikangala yanga ija, ndinakoka ulusi woyamba ndipo unaduka m'manja. Ndinakoka wina, waduka. Kutentha kwa m'chigafa kunali kutauumitsa, moti unkangoyoyoka tizidutswa tating'onoting'ono, tina n'kutsalira m'mabowo a misempha, tina n'kumatirira paphula la masamba. Bambo Makwinja anali kushedi akusankha fodya wam'munsi, ndipo ndikanawaitana tsiku limenelo, bwenzi titakonza fodya asanadindidwe. Ndinachita mantha ndi manyazi. Ndinatola tizidutswa tonse timene maso anga anaona, n'kumangirira pamfundo ya chitenje, ndipo ndinadziuza kuti ndamaliza tonse.

Tinasankha fodya potsata mtundu ndi kutalika, wofiirira payekha, wowala payekha, wamawanga payekha. Tinamanga ndindi, timitolo ta masamba tomangidwa kutsinde ndi tsamba linzake, ndipo tsamba lomangiralo linabisa mabowo onse a singano. Kenaka tinasanja ndindizo m'bokosi, kupanikiza ndi jeke, kukuta ndi chiguduli n'kusoka. Anatuluka mabelo asanu ndi limodzi. Tsiku limene lole inawanyamula, mayi Makwinja anapempha kuti tiwatulutse panja aone, ndipo anaiimikira dzanja ngati akutsazika munthu.

Kuyambira tsikulo anayamba kulongedza. Mbale zawo ziwiri anandipatsa ine, ati kwawo akapeza zina. Anandituma kuti ndiwachapire chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku, ndipo bulangete analipinda n'kuliika m'thumba la katundu, usiku n'kumafunda nsalu yokha. Miyendo inali itatupa mpaka m'maondo, kupuma kukuvuta, koma nkhope inkawala.

Lole inabwera patatha masiku asanu ndi anayi, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ine ndinali ndikusesa m'chigafa. Nditaona kuti kumbuyo kwake kuli mabelo, ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa lole yochokera ku okushoni imabwera yopanda kanthu. Anatsitsa anayi, onse a bambo Makwinja, onse a masamba apakati aja. Matenanti anasonkhana. Akapitao anadula ulusi wa chiguduli ndi mpeni, n'kusolola ndindi imodzi pakati, kuimasula, n'kuigwedezera pachikhatho. Panagwa tizidutswa toyera titatu. Anatikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

“Zaka zonsezi ndikulankhula ndi miyala kodi? Ndani anasoka ndi thumba?”

Ndinkafuna kuyankha, Mulungu ndi mboni, koma mawu sanatuluke. Anthu onse ankadziwa amene ankasoka mu February, ndipo ena anali atayamba kale kundiyang'ana.

“Ndine,” anatero bambo Makwinja. “Thwaini anandithera.”

“Inu, a Makwinja? Munthu wamkulu ngati inu?” Akapitao anapukusa mutu. Anati mabelo onse anayi amasulidwe, tsamba lililonse lionedwe, adindidwenso, ndipo adzadikira ulendo wina wa lole pambuyo pa matenanti ena onse amene anali asanatumize. Za malipiro, ayiwale mpaka fodya yense atagulidwa.

Chimene sindidzaiwala si mawu a akapitao ayi. Titabwerera kunyumba tinapeza mayi Makwinja atakhala pakhonde, atavala chitenje cha kutchalitchi chija ndi duku. Anali atamva kulira kwa lole ndipo anadzikoka okha mpaka panja. Anayang'ana nkhope ya amuna awo, kenaka yanga.

“Ndiye tinyamuka liti?”

“Tidikira pang'ono,” anatero bambo aja. “Fodya wabwerera.”

Mayi aja sanalire, sanafunsenso chifukwa. Anangoti, “Amake Tadala, nditulutsireni bulangete m'thumbamo. Kuno kwanu kuzizira.” Ndinalitulutsa, ndipo nditawafunditsa ndinathawira kuseri kwa chigafa kukalira.

Ntchito yotola ulusi ndi yoipa kuposa ntchito iliyonse imene ndinagwirapo. Umamasula ndindi, kutambasula tsamba lililonse poyera, kuyang'ana mbali zonse ziwiri, kenaka kutokosa bowo la pamsempha ndi pini. Fodya wodindidwa kale amakhala atamatana, ndiye ukamalekanitsa amang'ambika, ndipo tsamba labwino limasanduka zinyenyeswa. Tinkagwira m'mawa mokha ndi madzulo, chifukwa masana amauma n'kumaphwanyika. Ine ndinasiya kupita kwathu, ndinkagona kwa mkazi wa tenanti wina. Bambo Makwinja sanandikalipire ngakhale kamodzi. Zikanakhala bwino akanandimenya.

Mayi aja anaumirira kuti azithandiza. Tinkawaikira masamba pamiyendo, ndipo maso awo anali akuthwa kuposa athu. Tsiku lina bambo atapita kukatunga madzi, mayi aja anakweza kachidutswa koyera pansonga ya pini n'kundiyang'ana.

“Ulusi uwu ndi wa shuga uja, eti?”

Ndinagwada pamphasapo. Ndinawauza zonse, za sitolo, za matumba, za mfundo ya pachitenje. Ndinati andikhululukire, ndawatsekera njira ya kwawo ndi manja angawa. Iwo anandigwira pamutu ndi dzanja lawo lotupa lija.

“Tiyi ndinamwa ndine, ndiye tinasoka tonse,” anatero. “Dzukani, mwana wanga, dzuwa likukwera, fodya auma.”

Tinamaliza patatha milungu itatu, ndipo pamabelo anayi aja panatuluka atatu ndi theka. Kenaka tinayamba kudikira lole. June analowa ndi mphepo yake. Mayi aja anasiya kutuluka panja, kenaka anasiya kudya, ndipo ankangofunsa ngati kwamveka galimoto. Bambo Makwinja anapita kawiri kwa mwini esiteti kukapempha kuti awamasule, koma anabwerako chimanjamanja. Mayi Makwinja anamwalira Lachiwiri masana, ine ndikuwapukuta milomo ndi kansalu konyowa. Lole inadzanyamula mabelo Loweruka la mlungu womwewo.

Kunyamula maliro mpaka ku Phalombe zinali zosatheka. Eni mudzi woyandikana ndi esiteti anatipatsa malo m'mphepete mwa manda awo, kumene amaika alendo. Mwana wawo mmodzi yekha ndiye anakwanitsa kubwera, ndipo anafika titaika kale. Azimayi a m'mudzimo anaimba bwino, anthu achifundo ndithu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lawo la kuubwana. Ine ndinalira mpaka anthu kumafunsana kuti kodi ameneyu ndi mwana wawo.

Fodya anagulidwa mu July. Tsiku lonyamuka bambo Makwinja anandiitana n'kundipatsa malipiro anga onse monga tinapanganirana. Ndinakana. Ndinayamba kuwauza kuti amene anasoka ndi thumba ndine, ngati kuti sankadziwa, koma anandidula.

“Ndinadziwa pomwe akapitao anagwedeza ndindi ija. Mukanati ndinu, bwenzi atakuthamangitsani tsiku lomwelo, nanga mayi akanawasamala ndani? Tengani, ana anu adye.” Anandifumbatitsa ndalamazo. Kenaka anayang'ana kumene kuli manda. “Ine sindidzabweranso kuno, ndakalamba. Inu ndinu wapafupi. Pasamere tchire.”

Ananyamuka ndi thumba limodzi pamutu, katundu wa mayi aja ali momwemo.

Fodya ndakhala ndikusoka zaka zambiri kuchokera pamenepo, ndipo tsopano ndine amene ndimaphunzitsa atsikana obwera kumene. Kusinira sindinasiye, umphawi sulola. Koma ndinaphunzira kuti kusinira kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi khomo la nyumba yako. M'nyumba mwako ukalakwitsa, wovutika ndiwe. Pantchito ya mwini, chimene ukuchiona ngati kuwononga ndalama mwina chili ndi chifukwa chimene sunachidziwe, ndiye funsa. Ndipo ukalakwitsa, nena tsiku lomwelo. Chimandipweteka kwambiri si ulusi uja, koma m'mawa uja wa mu April, pamene bambo Makwinja anali kushedi, mtunda woti ndikanangokuwa n'kundimva.

Chaka chilichonse mvula ikatha, anthu a m'mudzi uja amalengeza tsiku lolambula kumanda. Ndimauza mnzanga wa kumeneko kuti azinditumizira uthenga, ndipo ndimanyamula khasu langa n'kuyenda mtunda wonsewo. Akuluakulu amene ankadziwa nkhaniyi ambiri anapita. Achinyamata akandiona ndikulima pandekha m'mphepete muja amandifunsa kuti, “Amayi, pamenepo pagona ndani wanu?” Ndimawayankha kuti ndi mayi anga, kwawo ndi ku Phalombe, anali paulendo wopita kwawo.